Kankhafi Kopanda Mpini

Chaka cha 1979 ndinali ndi zaka 24, ndipo pa tenesi ya patebulo ndinali ndisanagonjepo. Masewerawa ndinaphunzira ku Balaka, ndili pantchito yokonza njanji. Nditakwatira ku Nselema ndinamva kuti kuseri kwa msika kuli kalipentala amene ali ndi tebulo m'shedi mwake. Ndinapita kukamuphunzitsa. Anandikwapula 21 kwa 6, atavala mkanjo, pensulo ili kukhutu, osatuluka ndi thukuta lomwe. Titamaliza anatenga chomenyera changa cha kusitolo n'kuchigogoda ndi chala pafupi ndi khutu.

"Ichi n'chitseko cha bafa," anatero. "Dzanja muli nalo. Koma mumamenya ngati sitima, kutsogolo kokhakokha. Mubwere Lolemba, a Njanji."

Amenewo anali Che Amidu. Dzina langa ndine Matiasi, koma kuyambira tsiku limenelo ku Nselema kuno ndine Njanji. Dzulo kunali sadaka yawo ya masiku makumi anayi. Mpunga ndadya, mapemphero ndamvera ndili panja pansi pa mtengo wa mango. Pa maliro enieniwo sindinalipo. Chifukwa chake ndichinena, ngakhale sichindikomera.

Chomenyera mpira iwo sankachitcha bati monga tinkanenera ku Balaka. Ankati kankhafi. Bambo awo ankasema nkhafi za asodzi ku Chiuta, ndipo iwo anakula akupuma utuchi. Masewerawa Che Amidu anakawapeza kumigodi ku Joni, nabwera nawo pamodzi ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Ankanena kuti nkhafi yabwino imakuuza za madzi: ukaiviika umadziwa ngati pansi pali matope kapena udzu usanayang'ane n'komwe. Kankhafi nakonso kayenera kukuuza za mpira. Kakakhala chete, ndiye kuti wagwira dzanja la mlendo.

Ankalumikiza timatabwa tisanu. Pakati ankaika malayina, chifukwa ndi wopepuka ndipo sadzikuza. Mbali zonse ziwiri mkungudza wopyapyala, mizere yake itapingasa. Kunja m'bawa, wopalidwa mpaka kufanana ndi chikhadabo. Guluu sankapaka nthawi ya dzinja. Ankati mvula ikamagwa guluu amalonjeza zabodza. Akapanikiza m'chopanira ankasiya masabata awiri, ndipo wokhudza ankathamangitsidwa. Kenako ankagogoda ndi chala. Kakalira "pha" ngati mbale yong'aluka, kankapita kukhitchini kwa akazi awo, Abiti Saidi, kukawiritsa tiyi. Ndinaonapo tinkhafi titatu tokongola tikupsa m'mawa umodzi. Abiti ankati palibe hotela imene imaphika tiyi pa nkhuni zopalidwa ngati zawo.

Koma chimene sindinachionepo kwina kulikonse ndi nkhani ya mpini. Lolemba lija nditafika sanandiyeze ndi tepi. Anatulutsa dongo la pachulu, lonyowa, lowumbidwa ngati chinangwa, n'kundilozetsa nalo monga munthu wopereka moni.

"Perekani dzanja."

Ndinalifinya ngati ndikupha nkhuku.

"Iyayi! Apongozi anu mumawapatsa moni choncho? N'chifukwa chake sakukondani. Perekaninso, mwaulemu."

Analiumbanso, ndinagwiranso. Dongolo linasunga zala zanga zonse, mpaka chipsera cha pachala chachikulu. Analiumitsa pamthunzi, n'kusema mpini akuyang'ana dongolo, ndi kampeni ndi phale la botolo. Aliyense amene anamupangira kankhafi anayamba wapereka dzanja. Mawu ake anali amenewo. Ndinawamva ndi makutu angawa, sindinganame.

Ndinene mmene kankhafi kangako kanalili, chifukwa anyamata a masiku ano amaganiza kuti thabwa ndi pomata labala basi. Kanali kopepuka kumutu, kolemerera pang'ono kumpini, moti mkono unkatembenuka wokha. Mpira ukafika sunkathawa nthawi yomweyo. Unkakhala kaye pathabwa kamphindi, ngati mlendo amene wapatsidwa mpando, ndipo m'kamphindi kameneko ndinkatha kuuuza kopita. Ndikamenya pakati penipeni, pamene iwo ankati pamtima, kankalira "thoo", mawu onenepa, ndipo m'chala cholozera munkadutsa kunjenjemera kofewa kamodzi, n'kutha. Ndikamenyera m'mphepete kankalira "ke", kunjenjemerako n'kufika m'chigongono. Sikankabisa cholakwa. Mpira wopotedwa ndinkaumva kulemera kwake ndisanauone ukukhota. Pomenya mwamphamvu thabwalo linkagonja pang'ono kenako n'kubweza, monga imachitira nsungwi.

Liwiro lambiri kanalibe. Ndinadandaula. Iwo anati liwiro ndinabwera nalo kale lochuluka ndipo linandipezera 6 yekha. Chimene andipatsa ndi mabuleki.

Iwo ankasewera ataima patali ndi tebulo, kumangodula mpira kunsi. Ine kumenya, iwo kudula. Mpira wawo unkabwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopita kusikelo ya mdzukulu, koma ukangoukhudza mosaganiza unkadziponya muneti. Tinkasewera masana, iwo akatuluka kumzikiti ku swala ya alasiri, mapemphero a dzuwa litapendeka. Lachisanu ayi. Pa magemu asanu ndinkatenga imodzi, tsiku labwino ziwiri. Yachitatu ankaisunga m'thumba la mkanjo. Zaka makumi anayi ndi zitatu zinatha choncho.

Sanali mngelo. Kuyamikira munthu sankadziwa. Mpira wabwino kwambiri umene ndinamenyapo m'moyo wanga anangouyankha kuti, "Eya." Sankapangira munthu kankhafi asanamuone akusewera, ndipo mphunzitsi wina wamkulu anamubweza pamaso pa anthu, ati amagwira ngati akulemba pabolodi. Ana awo aamuna awiri sanawaphunzitse ntchitoyi. Ankati khutu siliphunzitsidwa. Anawo anatopa, wina ali ku Mangochi, wina ku Mozambique, ndipo onse amakhoma zitseko ndi mabedi. Pamenepa Che Amidu analakwa, ndipo ndinawauza ali moyo.

Tinkakangana pa zambiri. Itabwera nkhani yoti gemu izithera pa 11, anakana. Ati imeneyo ndi gemu ya anthu amene asiya mphika pamoto. M'shedi mwawo inakhalabe 21 mpaka kumapeto. Chaka china ndinapaka vanishi kankhafi kanga kuti kawale. Anakalanda, anakhala pabenchi tsiku lonse akupala ndi phale la botolo, akundinyoza osapuma: munthu wanzeru samata pakamwa pa mnzake amene amamuuza zoona. Pa za chipembedzo tinkangoseka. Ankati Mkatolika wogwada chonchi mawondo ake amakaniranji kupinda patebulo. Ine ndinkati iwo amagwada kasanu patsiku, n'zosadabwitsa kuti mipira yapansi amaitola. Mwezi wa Ramadani ankasewera ali ndi njala, milomo itauma, n'kundigonjetsabe. Mwezi umenewo ine sindinkamwa madzi m'shedimo. Sanandipemphe, ndipo sitinakambepo.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa.

Zaka zinayi zapitazo nyamakazi inalowa m'dzanja langa lamanja. Zala ziwiri, chapakati ndi chotsatira, zinayamba kupindika, osafunanso kutseka bwino. Mpini umene unandikwana zaka zonsezo unayamba kuterera. Sindinauze munthu. Kapu ya tiyi ndinkanyamula ndi lamanzere, n'kumati lamanja ndikusungira gemu. Che Amidu maso awo anali atachita ng'ala, ndiye ndinkati sakuona.

Patapita chaka, mwana wanga wa ku Joni ananditumizira bati ya kusitolo, ya kaboni, yakuda, ya mpini wonenepa. Mpini umenewo zala zanga zopindikazo zinaugwira. Ndinapita nayo kushedi Lachiwiri, tsiku la anthu ambiri pamsika. Kankhafi kanga ndinakaika pawindo, kunja, n'kutulutsa bati yatsopanoyo m'chikwama chake.

Mpira unkachoka ngati mwala wa legeni. Sunkakhala pathabwa ngakhale pang'ono. Ndinatenga gemu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Ogulitsa nsomba ndi a kabaza anadzaza pakhomo, akukuwa. Chimene sindinafune kuchiganizira tsiku limenelo n'chakuti Che Amidu anali atasiya kalekale kusewera ndi maso. Ankasewera ndi makutu. Kankhafi kanga kakalira ankadziwa kumene mpira ukupita, chifukwa anakapanga okha. Kaboni amalira chimodzimodzi paliponse pamene wamenya. Sindinagonjetse katswiri. Ndinazimitsira nyale munthu wosaona bwino.

"Chimenecho n'chiyani, a Njanji?" anafunsa. "Chikulira ngati supuni."

"Ndi chitukuko, Che Amidu."

"Chikukuuzani chiyani m'dzanja?"

"Chikundiuza kuti ndapambana. Matabwa anu aja apatseni Abiti, tiyi akuchedwa."

Anthu anaseka. Iwo sanaseke. Anapukuta kankhafi kawo ndi mkanjo, mbali iyi ndi iyi, n'kukapachika pamsomali.

Ndinapita kunyumba ndikuperekezedwa ngati mkwati. Kankhafi kanga ndinakaiwala pawindo paja. Mvula inagwa masiku atatu. Nditabwerera ndinakapeza kali pakati pa tebulo, katafufuma, timatabwa tisanu tija titatseguka ngati buku lonyowa. Che Amidu anali pabenchi, manja ali pamawondo.

"Tengani maliro anu," anatero. "Ine sindiika Akhristu."

Apa munthu wanzeru akanagwada. Ine ndinati, "Ikani nokha. Munabereka ndinu."

Ndinatuluka. Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinawalankhula kwa iwo.

Ndinayamba kusewera ndi aphunzitsi pa holo ya sukulu ina. Bati ya kaboni ija inali yamphamvu, sindikana. Koma kusewera nayo kunali ngati kudya uli ndi chimfine: umakhuta, osamva kanthu. Mpira waufupi unkadumpha pamene ndikufuna ugone. Ndikangotchinga umene mnzanga wamenya, unkapitirira tebulo. Ndikalakwa sindinkadziwa chifukwa, ndikakhoza sindinkadziwanso chifukwa. Chisanathe chaka ndinaiika m'sutikesi pansi pa bedi. Kumsika ndinkadzera njira ya kuchigayo kuti ndisadutse pa shedi. Ndikamva "thoo" kuchokera kumeneko ndinkafulumira.

Chaka chino mwezi wa Ogasiti, Abiti anandiimitsa pamsika pamene amagulitsa matemba.

"A Matiasi, akuti mubwere mudzapereke dzanja."

Ine ndinamva kuti akufuna ndikapepese, tigwirane chanza pamaso pa a kabaza omwe aja. Ndinati, "Auzeni dzanja langa lili ndi ntchito."

Patapita mwezi anandiimitsanso.

"Akuti dzanja lokha. Pakamwa musiye kunyumba."

Ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa amenewo anali mawu a Che Amidu enieni. Koma ndinaumitsa nkhope. Ndinati wofuna moni amayenda yekha. Ndinkadziwa bwino kuti miyendo yawo sinkawafikitsanso ngakhale kumzikiti popanda wowagwira.

Kachitatu anandipeza pasiteji, ndikukwera minibasi yopita ku Balaka kukaona mwana wanga wamkazi. Anali atasenza beseni, akupuma mwawefuwefu.

"Akuti mvula yayandikira, a Matiasi."

"Ndiye ine ndine wa zanyengo?"

Anakonza beseni pamutu. "Inu ndi anzanuwo Mulungu anakusemani pa mtengo umodzi," anatero. "Wosapaleka."

"Ndikabwera," ndinatero, kondakitala akundikankha.

Munthu amene anakhala m'shedi ija zaka makumi anayi akanayenera kumva. Dzanja. Mvula. Guluu sapakidwa m'dzinja. Zonse anandiuza. Ndinamva zimene kunyada kwanga kunkafuna kukana.

Ku Balaka ndinakhala masiku asanu ndi anayi. Lachisanu m'mawa foni inalira: Che Amidu atisiya m'bandakucha, chifuwa chija. Asilamu sagoneka maliro. Ndinathamanga ndi nsapato imodzi yosamanga. Pa Liwonde minibasi inaima kudikira kuti idzaze, ndipo ndinakhala pampando wakutsogolo ndikuona dzuwa likukwera. Ndinafika ku Nselema amuna akubwerera kuchokera kumanda, atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, lili lopanda kanthu. Ndinavula chipewa. Wina anati, "A Njanji, sitima yachedwa." Sanali kunyoza. Ankalira.

M'mawa mwake Abiti anandiitanitsa. Analankhula ali kuseri kwa chitseko, monga amachitira mkazi wofedwa, n'kutulutsa dzanja lokha ndi kiyi.

"Lowani m'shedi. Muyang'ane pa benchi, ndi pansi pake."

Pa benchi panali kankhafi katsopano, kopalidwa bwino, kopanda labala. Kumutu kunali kutatha. Kumpini kunali timitengo tiwiri tamakona, tosasema, tosamata, tomangidwa ndi kachingwe. Pathabwa panalembedwa ndi pensulo, zilembo zopotoka za munthu wosaona: NJANJI. Pansi pa benchi panali beseni, m'besenimo chiguduli chonyowa. Ndinachifunyulula. Munali dongo la pachulu, lowumbidwa ngati chinangwa.

Ndinakhala pansi, pa utuchi.

Kenako ndinabwerera pachitseko paja.

"Anadziwa kalekale, musanakangane n'komwe," anatero Abiti. "Anabwera tsiku lina n'kunena kuti, Njanji akumenyera m'mphepete, kakungoti ke, ke. Dzanja lasintha, mpini wamuchepera, koma sanena, ndi Mkatolika wouma mutu. Mwezi womwewo anayamba kusankha matabwa. Mutakangana anasiya chaka chathunthu. Kenako anayambanso, ndi zala zokha, maso atapita. Tinayi ndinawiritsira tiyi. Kachisanu ndi kameneko. Dongolo ankalinyowetsa m'mawa uliwonse ndi madzi otsala posamba popita kukaswali. Matenda atawagoneka, ndinkanyowetsa ine. Lachinayi anandifunsa ngati likadali lofewa."

"Bwanji osandiuza poyera?"

"Anakuuzani katatu, a Matiasi. Mumafuna mawu ena ati?"

Ndinabwerera m'shedi. Ndinatenga kankhafi kaja pakati pa zala ziwiri n'kukagogoda pafupi ndi khutu. "Thoo." Mtima wake anausendeza pang'ono kufupi ndi mpini, ndipo kumutu anakapeputsa kuposa kakale kaja. Anapangira dzanja lofooka. Anapangira nkhalamba imene inkawabisira zala.

Kenako ndinatenga dongo. Linali lofewa. Ndinaligwira mwaulemu, monga anandiphunzitsira. Linasunga zonse: chipsera cha pachala chachikulu, ndi zala ziwiri zopindika zimene ndinabisa zaka zinayi.

Ena andiuza kuti ndipite nako kwa kalipentala wina akamalize. Akalipentala alipo ambiri pa Nselema. Amapanga zitseko. Mwana wawo wa ku Mangochi anakatembenuza dzulo pa sadaka, anayang'ana dongo, n'kundibwezera. Anati bambo sanamuonetsepo mmene dongo amaliwerengera.

Kiyi Abiti anandisiyira. Ndimapita masana, nthawi imene anthu akutuluka ku alasiri. Tebulo lilipo, mwendo umodzi uli pa njerwa monga kale. Neti yagwa mbali imodzi. Kumbali yawo simenti inadyeka malo awiri, patali ndi tebulo, pamene mapazi awo ankaima. Kankhafi kawo kali pamsomali, mpini wake wakuda ndi thukuta, ndipo sikakwana dzanja la munthu wina aliyense. Chopanira n'chotsegula. Pensulo ili pawindo. Dongo lauma, ndaliika pakati pa tebulo pafupi ndi kankhafi kopanda mpini. Nkhuku za Abiti zimalowa n'kutuluka, palibe wozithamangitsa.

Pantchito ya njanji tinkawerenga zowonongeka ngozi ikachitika. Ndawerenga. Kankhafi kamodzi kamene ndinapha ndi mvula. Tinayi timene tinapsa chifukwa cha ine. Timatabwa tisanu timene palibenso wodziwa kutilumikiza. Zaka zitatu za masana zimene tikanasewera. Maitanidwe atatu. Khutu limodzi limene linamva dzanja langa likudwala ine ndili chete. Ndi dzanja limodzi, limene ndinapereka wolandira atapita.